Wasiya kusamba pa zaka 33: ankhoswe ati ufiti, dokotala ati ayi

Mng'ono wanga anandiimbira lamya usiku, mawu akunjenjemera. "Achemwali, bwerani mawa. Ankhoswe akhala pansi, akuti ndipakire katundu."

Mlandu wake? Miyezi 7 osapita kumwezi, koma mimba ayi. Munthu wa zaka 33 zokha, mwana mmodzi, pomwe alamu anga anali kufuna wachiwiri. Usiku amadzuka thukuta lili kamukamu ngakhale mu June kukuzizira. Tulo tinathawa, mtima sunkachedwa kupsa, ndipo zakuchipinda zinasanduka ululu chifukwa cha kuuma kwa njira.

Pabwalo la ankhoswe aliyense anasanduka dokotala. Apongozi ake anati mwanayu anatayapo mimba ali pasukulu. Azakhali ena anati alipo wam'manga chiberekero kumudzi. Alamu anga anangoti zyoli. Ine ndinapempha chimodzi: tipatseni mwezi umodzi tikaonane ndi achipatala, kenako muweruze.

Zimene ndinamva kumeneko ndi zimene ndafufuza pambuyo pake ndi zimene ndikukupatsirani lero, awerengi, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

DZINA LA MATENDAWA

A dokotala anayamba ndi kuyeza mimba. Anafunsa ngati akubayitsa jakisoni wa kulera kapena akuyamwitsa, poti zimenezi nazo zimaimitsa msambo. Anayeza chithokomiro. Pomaliza anayeza homoni yotchedwa FSH m'magazi. Imeneyi imachokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo, ndipo ntchito yake ndi kulamula timatumba ta mazira kuti tikhwimitse dzira. Timatumba tikagontha, ubongo umakuwa kwambiri, FSH n'kukwera. Mayi wosakwana zaka 40 akatha miyezi 4 msambo ukusowa kapena ukudumphadumpha, FSH n'kupitirira 25, madokotala amati ali ndi premature ovarian insufficiency, mwachidule POI. Ya mng'ono wanga inali itapitirira kale.

"Mayi, palibe wakulodzani, ndipo palibe chimene munalakwa," anatero a dokotala. "Timatumba tanu tatopa nthawi isanakwane."

Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Nkhokweyi imatha pang'onopang'ono mpaka mayi asiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Mu POI nkhokwe imatha msanga, kapena mazira alipo koma sakumvera lamulo.

Si matenda achilendo ayi. Dokotala Fuller Albright wa ku Boston ndi anzake anawalongosola kale mu 1942. Kafukufuku wa mu 1986 ku Rochester, Minnesota, anapeza kuti amagwira mayi mmodzi mwa 100 aliwonse asanafike zaka 40. Malangizo a 2024 a bungwe la akatswiri a zauchembere ku Ulaya la ESHRE anakweza chiwerengerocho kufika pa amayi atatu kapena anayi mwa 100. Tangowerengani amayi a kumpingo kwanu muone.

TIZILOMBO TOONONGA

Ena amabadwa nalo vutoli, monga atsikana a Turner syndrome kapena amene ali ndi kusintha kwa jini yotchedwa FMR1. Ena chitetezo cha m'thupi mwawo chimaukira timatumba tawo tomwe, ndipo kawirikawiri chimagwiranso chithokomiro. Ena ndi opaleshoni kapena mankhwala a khansa. Fodya naye amafulumizitsa kusiya kusamba ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Koma kwa amayi ambiri, kuphatikizapo mng'ono wangayu, madokotala amayeza zonse osapeza gwero. Mpake akatswiri atembenukira ku tizilombo tosaoneka ndi maso.

Tina timadziwika kale. Matsagwidi akagwira mtsikana wotha msinkhu amatha kutupitsa timatumba ta mazira, ngakhale kuti ndi ochepa amene timafa nawo. Chifuwa chachikulu chikatsikira ku ziwalo zoberekera chimaononga machubu, nthawi zina ndi timatumba tomwe. Amayi ena amene ali ndi HIV apezeka kuti amasiya kusamba msanga.

Kuno kwathu palinso njira ina yokhota. Kachilombo ka HPV ndi kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene khansayi yafala kwambiri padziko lonse. Kuwotcha khansayi ndi makina kumapulumutsa moyo, koma kumaphanso mazira. Katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko muno mu 2019 akutetezanso timatumba ta ana athuwa. Musawabise.

TIZILOMBO TA M'MATUMBO

Tsono imvani izi, poti ine zinandidabwitsa. M'thupi mwa munthu wabwinobwino muli mabakiteriya ochuluka pafupifupi ngati maselo a thupi lake lonse, ndipo ambiri amakhala m'matumbo aakulu. Si adani ayi. Ena mwa iwo amagwira ntchito pa estrogen, homoni yachikazi imene timatumba ta mazira timapanga.

Zimayenda motere. Estrogen ikatha ntchito, chiwindi chimaimatira kachidindo kuti ikatayidwe, n'kuitumiza m'matumbo kudzera mu ndulu. Kumeneko mabakiteriya ena amamatula kachidindo kaja, estrogen n'kubwereranso m'magazi. Mu 2011 akatswiri awiri a ku New York, Claudia Plottel ndi Martin Blaser, anatcha ntchito ya mabakiteriyawa dzina loti estrobolome. Mabakiteriya enanso amagaya gaga ndi ulusi wa m'masamba, n'kutulutsa timafuta timene timadyetsa khoma la matumbo ndi kuziziritsa kutupa m'thupi.

Mu 2021 akatswiri a ku China anayeza chimbudzi ndi magazi a amayi a POI, napeza kuti mabakiteriya awo ndi osiyana ndi a amayi anzawo. Mtundu wina wotchedwa Eggerthella unali wochuluka, ndipo zina za m'magazi zochokera ku kagayidwe ka chakudya zinali zitasokonekera. Amayi amene anali kulandira mahomoni kuchipatala zinthuzi zinali zitabwerera m'malo.

Apa pafunika kudekha. Chinayamba n'chiti? Mabakiteriya ndiwo anatopetsa timatumba, kapena kusowa kwa estrogen ndiko kunasintha mabakiteriya? Amayi oyezedwa anali ochepa, ndipo zambiri zoonjezera zayesedwa pa mbewa za mu labotale. Kunjira ya amayi yankho likudziwika: estrogen ikachepa, mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus amasowa chakudya n'kuchepa, ndipo mpamene kuyabwa ndi matenda a chikhodzodzo zimayambira. Kumeneko homoni ndiyo imatsogola.

Kuti kagayidwe ka chakudya kangathe kupha mazira, umboni ulipo. Pali matenda osowa obadwa nawo otchedwa galactosemia, pomwe thupi limalephera kugaya galactose, shuga wochokera mu mkaka. Atsikana oposa 80 mwa 100 obadwa ndi mtundu woopsa wa matendawa timatumba tawo timafa msanga, ngakhale atasiyitsidwa mkaka ali akhanda.

OGULITSA ZOTSUKA M'MIMBA

Nkhani ya mabakiteriyayi yafika kale m'makutu mwa a malonda. Mng'ono wanga asanandiimbire anali atataya ndalama za malipiro a mwezi wathunthu kugula mabotolo "otsuka m'mimba ndi kudzutsa mazira" kwa mayi wina wa pa WhatsApp. Anangotsegula nawo m'mimba basi. Ndinene mosapsatira: palibe botolo, tiyi, yogati kapena muzu umene watsimikizika kuti umabweza mazira amene atha.

Kusamala mabakiteriya anu n'kwabwino ndithu, ndipo sikulira ndalama. Idyani mgaiwa, nyemba, khobwe, nkhwani, bonongwe ndi chisoso. Lekani kumwa makapisozi ogula pamsika mutu ukangowawa, poti amapha abwino ndi oipa omwe. Lekaninso kutsuka mkati mwa njira ndi sopo kapena kuikamo zitsamba. Koma zimenezi ndi zosamalira thupi, si mankhwala a POI.

Choopsa chenicheni, chimene ankhoswe sanachitchule n'komwe, ndi mafupa ndi mtima. Estrogen ndiyo imasunga mafupa olimba ndi kuteteza mitsempha ya magazi. Mayi woitaya pa zaka 33 n'kungokhala angadzathyoke chiuno ndi kugwa kwachabechabe, kapena kudwala mtima asanakalambe. N'chifukwa chake madokotala amapereka mahomoni obwezera mpaka zaka za m'ma 50, pokhapokha pali chifukwa choletsa monga khansa ya m'mawere. Pomwe mankhwalawa asowa, mapilitsi a kulera a mahomoni awiri amatha kugwira ntchitoyo, koma asankhe ndi dokotala. Usipa ndi matemba odyera kumodzi ndi minga yake amathandiza mafupa.

Nanga mwana? Timatumba ta POI nthawi zina timadzidzimuka. Amayi 5 mpaka 10 mwa 100 amatenga mimba paokha. A dokotala anatiuza zimenezi osalonjeza kanthu.

Ulendo wachiwiri alamu anga anapita nawo kuchipatala, namva ndi makutu awo. Katundu sanapakiridwe. Thukuta la usiku linatha patangopita masabata ochepa atayamba mahomoni. Apongozi ake mpaka lero amang'ung'udza, ndipo mwana wachiwiri sanabwere.

Inu amayi ndi atsikana, msambo ukasowa miyezi 4 popanda mimba, pitani mukayezetse, ndipo funsani za FSH. Inu azibambo, perekezani akazi anu. Nanunso ankhoswe, musanagamule mlandu wa m'thupi mwa munthu, yambani mwaona pepala la kuchipatala.