Kuphunzira Sikukalamba, Koma Kumafuna Kudekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pakati pathu kuno ku Namacula alipo ambiri amene sukulu inawadutsa, koma osati chifukwa cha ulesi. Nkhondo imene inatha m'chaka cha 1992 inatseketsa sukulu zambiri m'chigawo chino cha Niassa. Ena anakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo pobwera kwawo anapeza kuti m'maofesi mukufunika Chipwitikizi chimene iwo sanachiphunzire. Lero tikawapempha kuti awerenge Mau pa chipembedzo kapena asunge buku la chuma cha chigwirizano, amayankha kuti nthawi yawo inapita. Motero mphatso zambiri zangokhala chikwirire mu mpingo.

Tiyeni tikumbuke Yohanna Abdallah, mtumiki wa mpingo wa Anglican amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Unango, kumpoto kwa mzinda wathu uno wa Lichinga. Iye anaphunzira ku Kiungani, pa chilumba cha Zanzibar, nadzozedwa unsembe m'chaka cha 1898. Akanatha kunena kuti maphunziro akwana. Koma anakhala pansi pamapazi a akuluakulu, nafunsa, namvetsera, nalemba mbiri ya Ayao m'chinenero chawo. Buku lake, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa m'chaka cha 1919, patapita zaka 21 chidzozedwere, ndipo ophunzira mbiri akuliwerengabe. Nayenso mtumwi Paulo, ali m'ndende ndipo imfa ili pafupi, anapempha Timoteo kuti amubweretsere mabuku (2 Timoteo 4:13). Ngati wandende wokalamba anafuna kuwerenga, ife tidzawiringula chiyani?

Komabe palinso ngozi ina, makamaka kwa achinyamata athu a ku sekondale ndi ku yunivesite. Foni ya m'manja imatithira nkhani, maulaliki ndi maphunziro kuyambira m'mawa kufikira usiku. Alimi a nyemba ndi mbatatesi amadziwa kuti mvula yamkuntho imathamanga pamwamba n'kukokolola nthaka, pamene mvula yowaza pang'onopang'ono ndiyo imalowa pansi. Nzeru nayonso imatero. Kusinkhasinkha ndiko kuipatsa mpata kuti ilowe mumtima. Salmo 1 likuyamika munthu wolingirira chilamulo usana ndi usiku, ndipo Ezara 7:10 ikutionetsa ndondomeko yake: Ezara anayamba wafunafuna chilamulo, kenaka anachichita, ndipo pambuyo pake ndi pamene anaphunzitsa ena.

Tsono ziwirizi ziyendere limodzi. Wophunzira wosasinkhasinkha amadzala mutu, koma khalidwe lake silisintha. Wosinkhasinkha wosaphunzira amangozungulira pa maganizo ake akale, mwinanso olakwika, chifukwa palibe chatsopano chomuwongola.

Tikupempha aliyense asankhe chinthu chimodzi choti aphunzire chaka chino: kuwerenga, Chipwitikizi, kusoka, kapena kulemba ndalama za geni yake. Amene simudziwa kuwerenga musachite manyazi kukalembetsa ku sukulu ya akulu, kapena kupempha mdzukulu akuphunzitseni madzulo. Paja safunsa anadya phula. Ndipo tsiku lililonse, ntchito isanayambe, patulani mphindi 15, foni itazimitsidwa. Werengani ndime yaifupi, mudzifunse kuti ikunena chiyani ndi kuti mukachita nayo chiyani lero, kenaka mupemphere. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambuye atipatse mtima wophunzitsika kufikira tsiku lathu lomaliza. Amen.