Namwino akuphunzitsiranji munthu wamkulu kupuma?

Pachipatala chaching'ono, tsiku loona odwala matenda okhalitsa, mungapeze namwino atanyamula inhela, kampope kaja kopopera mankhwala mkamwa, akuuza agogo ena kuti, "Agogo, tandionetsani mmene mumachitira kunyumba." Panja mzere wafika kumtengo wa mango. Bwanji osangowapatsa mankhwalawo azipita? Yankho lake lili m'mapapo.

Mpweya umene timapuma umatsika ndi kholingo, kenako njirayo imagawikana ngati nthambi za mtengo, kuchepa, kuchepabe, mpaka kukathera m'timatumba ting'onoting'ono toposa 300 miliyoni. M'menemo ndi mmene okosijeni amalowera m'magazi. Munthu wa mphumu, tinjira timeneti timatupa n'kufinyika nthawi ndi nthawi. Pali nthenda inanso yotchedwa COPD, imene imabwera chifukwa chopuma utsi zaka zambiri: wa fodya, wa nkhuni kukhitchini, ndipo ena imawapeza atachira chifuwa chachikulu. Iyi imawononga mapapo osabwereranso mwakale. Timatumba tija timatha mphamvu ngati mphira wakale wa legeni, mpweya umalowa koma umavuta kutuluka. Bungwe la WHO linati mu 2019 nthendayi inapha anthu oposa 3 miliyoni padziko lonse.

Ndiye taganizirani: mankhwala a mu inhela ayenera kuyenda ulendo wonsewo mpaka kutinthambi takumapeto. Munthu akapopera asanayambe kukoka mpweya, kapena akakoka mothamanga, mankhwala ambiri amangomata palilime ndi kummero, n'kumezedwa ndi malovu. Amabwerera kuchipatala akudandaula kuti mankhwalawo ndi opanda mphamvu, chonsecho sanafike kumene kuli vuto. N'chifukwa chake namwino amabwereza zomwezomwezo: gwedezani inhela, tulutsani mpweya, tsekani milomo pakamwa pake, dinani pamene mukuyamba kukoka pang'onopang'ono, kenako gwirani mpweya masekondi pafupifupi 10.

Kudina ndi kukoka nthawi imodzi n'kovuta, makamaka kwa ana ndi okalamba. Apa m'pamene pali chinthu chimene ine chimandisangalatsa kwambiri: botolo la pulasitiki la 500 ml. Amaliboola kumatako kuti inhela ilowe mothina, wodwala amaika milomo kukamwa kwa botolo, namwino amapopera kamodzi, mankhwalawo amayandama m'botolomo ndipo munthu amawakoka popuma kangapo mosathamanga. Si zongoyerekeza ayi. Mu 1999 dokotala wa ana Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa kuti botolo lotere linathandiza ana a mphumu mofanana ndi chipangizo chogula chopangidwira ntchitoyo.

Namwino amasiyanitsanso ma inhela. Salbutamol, imene nthawi zambiri imakhala yabuluu, imamasula minofu yozungulira tinjira tija m'mphindi zochepa, ndiye ndi ya pamene munthu wabanika. Beclomethasone imachepetsa kutupa, koma imafuna tsiku ndi tsiku ngakhale ukupeza bwino. Anthu ambiri amaisiya poti samva kusintha pompopompo. Ukaipopera uyenera kuchukucha mkamwa n'kulavula, apo ayi pamatuluka zoyerayera zowawa palilime.

Phunziro lina silifuna mankhwala n'komwe. Wodwala COPD amauzidwa kukoka mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 2, kenako kuutulutsa ndi milomo yosongoka, ngati akuuzira phala lotentha, akuwerenga mpaka 4. Kabowo kakang'ono ka milomoko kamabweza mphamvu ya mpweya m'kati, ndipo mphamvu imeneyo imagwira tinjira tofooka tija kuti tisafwanthamuke mpweya usanatuluke. Tayesani pompano, mumva kusiyana kwake pachifuwa.

Za utsi ndiye zovuta, tisanamizane. Kusiya fodya n'kumene kumachedwetsa kwambiri kuwonongeka kwa mapapo. Koma mayi wophikira nkhuni sungamuuze kuti asiye kuphika. Namwino amalangiza zotheka, monga kuphikira panja, kusonkha nkhuni zouma, ndi kusabereka mwana kumbuyo pofukiza moto.

Ngati kwanu kuli wina wa inhela, muperekezeni ulendo wotsatira, mumvere limodzi. Funsani namwino zizindikiro zoti muthamangire nazo kuchipatala: kulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo kuda, kapena inhela yabuluu kusathandizanso.