Chifanifani, Chiyerekezo ndi Chizindikiro: Tiphunzire kwa Mvuu ya ku Ledig

Aphunzitsi ambiri timayamba phunziro la ndakatulo polemba mndandanda wa zipangizo pa bolodi. Ophunzira amaloweza matanthauzo onse, koma mayeso akafika amasokonezabe chifanifani ndi chiyerekezo, ndipo malikisi amatayikira pomwepo. Ine ndimaona kuti vuto ndi loti timayambira pa dzina la chipangizo chitsanzo chisanabwere.

Tiyeni tiyambire ku Ledig, mudzi wa m'chigawo cha North West ku South Africa, pafupi ndi Sun City, m'dera la migodi ya pulatinamu. Eni mudziwu ndi a Bakubung. M'Chitswana, kubu ndi mvuu, ndipo mvuu ndiyo nyama ya mtundu wawo.

Wophunzira akalemba kuti "agogo ndi amphamvu ngati mvuu", wapanga chifanifani, chomwe ena amachitcha ntchedzero. Mawu oti ngati kapena monga ndiwo amachiulula. Akachotsa mawuwo n'kulemba kuti "agogo ndi mvuu ya pamudzi pano", wapanga chiyerekezo. Apa sakutiuzanso kuti agogo afanana ndi mvuu pa chiyani. Owerenga adzipezere okha. Kodi ndi mphamvu? Kodi ndi ukali wobisika pansi pa madzi odekha? N'chifukwa chake chiyerekezo chimavuta kumasulira, komanso n'chifukwa chake chimakoma.

Chizindikiro n'china. Kwa mwana wa Bakubung, mvuu imaimira mtundu wonse ngakhale palibe amene wayerekezedwa nayo. Tanthauzolo adagwirizana ndi anthu, silili mwa nyamayo. Mwana wochokera ku Liwonde, komwe mvuu za mumtsinje wa Shire zimatha chimanga m'madimba, akhoza kuwerenga mzere womwewo n'kuonamo mdani. Musafulumire kumuchongera cholakwa. Mufunseni kaye kuti kwawo mvuu imadziwika ndi chiyani.

Ngati m'kalasi mwanu muli ana odziwa Chitswana, afunseni mayina awo: chifanifani amati tshwantshanyo, chiyerekezo amati tshwantshiso. Mawu awiriwa ngoyandikana kwambiri, choncho nawonso akhoza kupunthwa pamalo omwewo.

Ntchito: lembani pa bolodi chiganizo choti "mgodi wameza abambo anga". Musatchule chipangizo chilichonse. Ophunzira akambirane awiriawiri kuti abambowo chawachitikira n'chiyani: amwalira, kapena ntchito yawasowetsa pakhomo? Akamaliza kutsutsana, apo mpomwe muwafunse dzina la chipangizocho.