Sefa ya m'giyabokosi: kachipangizo kamene oyendetsa ambiri amakaiwala

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu masiku ano ndi zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan, ndipo zochuluka ndi zosintha magiya zokha. Eni ake sazengereza kusintha oyilo wa injini, koma ndi ochepa amene amakumbukira kuti giyabokosi nayo ili ndi oyilo wake komanso sefa yake.

Oyiloyu, wodziwika kuti ATF, ndiye amakankha makilatchi kuti giya ilowe, ndiponso amaziziritsa zitsulo. Makilatchi akamaperepeseka, tizinyenyeswa timasakanikirana ndi oyilo, ndipo sefa imatigwira tisanatseke timipata ting'onoting'ono ta mavavu. Sefayo ikadzadza, pampu imasowa oyilo. Galimoto imachedwa kunyamuka, giya imalowa mogunda, pena injini kumangolira koma liwiro osawonjezeka.

Pa galimoto zambiri sefa imakhala mkati mwa sampu, chivindikiro cha pansi pa giyabokosi. Makaniko amakhetsa oyilo, kumasula sampu, kupukuta maginito amene amakhala mmenemo, kenako n'kuika sefa ndi gasiketi zatsopano. Mwini galimoto achita bwino kupempha kuti awaone maginitowo asanapukutidwe. Fumbi lotuwa silodetsa nkhawa, koma tizidutswa ta chitsulo tikusonyeza kuti vuto laposa sefa, ndipo kuika yatsopano n'kungotaya ndalama. Dziwaninso kuti oyilo wotuluka pamenepa kawirikawiri saposa theka, chifukwa wina amatsalira mu torque converter.

Magiyabokosi ena, monga ambiri a Honda, sefa yaikulu ili mkatikati moti siifikika popanda kuphwasula chipangizo chonse. Apa ena amawonjezera sefa yachiwiri pa paipi yobwezera oyilo kuchokera ku radiyeta. Imathandiza ndithu, makamaka giyabokosi ikangokonzedwa kumene, bola muvi wojambulidwa pa sefayo uloze kumene oyilo akupita, ndipo ikhale ndi vavu yolola oyilo kulambalala ikatsekeka. Ikamangidwa mwachisawawa, paipi imafwamphuka ndipo oyilo amathera mumsewu m'mphindi zochepa.

Pothira oyilo watsopano, mtundu wake ndi wosanyengerera. Giyabokosi za CVT za Nissan, monga za Note, zimafuna NS-2 kapena NS-3, pamene za Toyota zosakhala CVT zambiri zimafuna T-IV kapena WS. ATF wamba akalowa mu CVT, lamba wachitsulo amayamba kutererera, ndipo ndalama zokonzera zimaposa kutali mtengo wa oyilo woyenera.