Eni Chulu, Otola Matondo ndi Amayi a Pamsika

Chulu chili ndi mwini wake. Wapaulendo angachione ngati mulu wa dothi wongotchinga mizere pakati pa munda, koma yesani kukatcherapo ngumbi osapempha, mudzapezeka mwakhala pansi pabwalo la anyakwawa. M'midzi yambiri ya ku Dedza, Ntcheu, Zomba ndi Mulanje chulu chimayenda limodzi ndi munda: wolandira munda kwa makolo walandiranso chulu, ndipo amene alibe chake amakapempha cha mnzake kwa nyengo imodzi, pogwirizana kuti adzagawana zimene zidzatuluke. Pamenepa mpamene pamayambira ntchito imene siilembedwa m'kaundula aliyense wa ntchito, chonsecho imadyetsa mabanja ndi kugulira ana makope chaka ndi chaka.

Wotchera ngumbi amayamba ntchito ngumbizo zisanaoneke. Mvula ikangokhazikika, cha mu Disembala, amayendera chulu m'mawa ndi madzulo kuyang'ana ngati chiswe chayamba kumata timakomo tatsopano, tadothi lonyowa. Akationa amadziwa kuti tsiku layandikira. Amalambula chulucho ndi khasu, n'kukumba dzenje m'munsi mwa pamene ngumbi zidzatulukire. Kale m'dzenjemo ankaikamo mtsuko. Masiku ano ndi ndowa ya pulasitiki. Kenako amapinda timitengo pamwamba pa makomo aja, n'kufolera ndi udzu kapena masamba a nthochi, kusiya kampata kamodzi kokha pafupi ndi dzenje. Ngumbi zimatsata kuwala. Zikatuluka mumdima wa kakhumbiko zimathamangira pakampata paja, n'kumagwera m'ndowa. Ena satchinga n'komwe, amangodikira usiku ndi muuni wa udzu pambali pa dzenje.

Kufotokoza n'kosavuta, kuchita kwake n'kwina. Agang'a, asilikali a m'chulu a mitu ikuluikulu aja, amaluma mpaka kutulutsa magazi, ndipo njoka nazo zimakonda mauna a m'chulu. Ngumbi zikhoza kutuluka usiku umene mwini wake wapita kumaliro, zonse n'kuthera mbalame, achule ndi ana a m'mudzi. Wotchera wodziwa ntchito amawerenga zinthu zingapo nthawi imodzi: mvula imene inagwa dzulo, kutentha kwa masana, mphepo ya madzulo. Luso limeneli amaliphunzira ali mnyamata, akugwirira atate ake kapena amalume ake muuni. Alipo amene amaonjezerapo zitsamba ndi zoletsa zawo, zoti tsiku lotchera usachite chakuti. Izo n'za eni ake.

Ndowa ikafika pakhomo ntchito imasamukira m'manja mwa amayi. Ngumbi sizichedwa kuwonongeka. Ziyenera kukazingidwa kapena kufutsidwa m'madzi otentha usiku womwewo, m'mawa n'kuziyanika pamphasa. Zikauma amazipikisa m'manja kuti mapiko athothoke, n'kupeta ndi lichero. Amene anapetapo ngumbi amadziwa mmene mapikowo amamatirira kumaso, m'tsitsi ndi m'chitenje. Vuto lalikulu n'lakuti zonsezi zimachitika m'dzinja, dzuwa likuoneka mwa apo ndi apo. Ngumbi zosauma bwino zimachita nkhungu ndipo mafuta ake amanunkha, ndiye kuti usiku wonse uja wapita pachabe.

Otola mphalabungu, matondo ndi mbozi zina zodyedwa ntchito yawo ili m'nkhalango za miombo, ndipo ndi imene ili ndi mbiri yoti tiimepo. Nyengo yake imayamba cha pakati pa Okutobala kufika mu Disembala, mitengo itaphuka masamba anthete. Iyi ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zikupita kumapeto, ndiponso imene munda umafuna manja onse. Banja limagawana: ena kumunda, ena kutchire ndi ndowa mbandakucha. Zotolazo amazifinya chimodzichimodzi kuchotsa za m'mimba, kuziwiritsa ndi mchere, n'kuziyanika. Zaminga amayamba aziwamba pamakala. Pofika kumapeto kwa nyengo zala za wotola zimakhala zitadetsedwa ndi madzi a masamba, zina zitang'ambika.

Ku Kasungu ntchitoyi inakhalapo mlandu. Malo osungirako nyama a kumeneko, amene anakhala paki mu 1970, ali ndi mitengo imene mbozizi zimadya, pamene kunja kwa mpanda fodya ndi chimanga zinali zitamaliza nkhalango. Munthu wolowa kukatola matondo ankatengedwa ngati wopha nyama mozemba. Mu 1990 nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire inasintha maganizo, n'kulola mabanja ozungulira kulowa m'nyengo yake kukatola, komanso kupachika ming'oma ya njuchi. Akatswiri awiri, Munthali ndi Mughogho, anafalitsa mu 1992 zimene anapeza pa ntchitoyi, ndipo mfundo yawo inali yakuti phindu la matondo ndi uchi linkapikisana bwino ndi la mbewu zimene anthu omwewo ankalima. Anaonanso kuti moto uli ndi mbali yaikulu: pamene tchire latenthedwa msanga, udzu usanaumitsitse, mbozi zimachuluka, pamene moto wolusa wa m'chilimwe umapha mazira ndi kupsereza masamba. Alenje a mbewa amene amayatsa tchire mu Seputembala amawotcha ndiwo za anzawo.

Ku Zambia, m'dera la Mpika, Abisa a kwa Mfumu Kopa anasunga dongosolo lotamandika. Kumeneko munthu sangoyamba kutola poti waona mbozi. Pamakhala anthu oyendera nkhalango kuona mazira ndi kukula kwa timbozi, uthenga umapita kwa mfumu, ndipo mfumu ndiyo imatsegula nyengo ndi kuitseka. Kutseka kumeneko ndiye mutu wa nkhani, chifukwa mbozi zotsala zimalowa m'nthaka n'kudzatuluka agulugufe oikira mazira a chaka chamawa. Kugwetsa mtengo kuti utole mosavuta n'koletsedwa. Koma ogula ochokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt akafika ndi ndalama, zovala za kaunjika, mchere ndi ziwiya zosinthanitsa, lamulo limayesedwa kolimba, chifukwa mlendo wobwera ndi lole sadzakhalapo chaka chamawa kuti aone chitsa. Zomwezi zimamveka ku Zimbabwe ndi ku Botswana pa mbozi za m'mitengo ya tsanya, zimene malonda ake amadutsa malire mpaka ku South Africa.

Kunyanja kuli ntchito ina yosiyana ndi zonsezi. Ku Nkhata Bay, Likoma ndi Chizumulu, mwezi ukakhala mumdima, nkhungu zimatuluka m'madzi n'kukwera m'mwamba ngati utsi wa lupsa. Mphepo ikazikankhira kumtunda amayi amazikupa ndi malichero kapena madengu onyowetsa, n'kuziumba timikate takuda, kukulunga m'masamba, kuphika ndi kuyanika. David Livingstone anapatsidwa chakudya chimenechi atayenda m'mbali mwa nyanjayi mu 1861, ndipo anachilemba m'buku la ulendo wake. Ntchitoyi ilipobe, ikuchitika pafupifupi mmene anaionera.

Zotsalazo kawirikawiri ndi geni ya ana. Mafulufute amatoledwa akamatuluka pansi mvula itagwa. Nkhululu zimakumbidwa m'mauna ake pa dothi lamchenga, mwana atatsata kamulu ka dothi latsopano. Nyenje amazikola ndi ulimbo kunsonga ya bango m'miyezi yotentha. Bwannoni amagwa m'matauni mvula ikamapita kumapeto, ndipo usiku umenewo pansi pa magetsi a m'misewu ndi a pamalo omwetsera mafuta pamadzaza ana ndi mabotolo, ena akuthamangira pakati pa msewu osayang'ana galimoto. Ku Uganda tizilombo tomweti, timene kumeneko amati nsenene, tinasanduka bizinesi ya akuluakulu: ku Masaka ndi ku Kampala anthu amaimika malata, migolo ndi mababu owala kwambiri, n'kudzaza matumba usiku umodzi. Kuno sitinafike pamenepo, ndipo ndi mmene magetsi athu amazimirazimira, woyesa ayenera kuyamba wagula jenereta.

Amene amalumikiza tchire ndi mbale ya m'tauni ndi mayi wa pamsika. Mumupeza ku Limbe, ku Zomba, ku Lizulu, ku Jenda, atakhala kumbuyo kwa beseni, tomato ndi usipa zili pambali. Iye satola. Amapikula kwa anthu a kumudzi pa ndowa, n'kumagulitsa pa kambale kapena pa kamulu, ndipo phindu lake lili pakati pa miyeso iwiriyo. Mpamba nthawi zambiri ndi wa ku banki m'khonde, woyenera kubwezedwa ndi chiwongoladzanja kaya katundu wayenda kaya ayi. Pa phindu lomwelo achotsepo ya minibasi, ya wakabaza, ndi chiphaso cha msika cha tsiku lililonse.

Malonda ake ndi olawitsa. Palibe amagula ngumbi asanatapeko ziwiri zitatu.

“Lawani, achimwene, n'za dzulo izi, zouma bwino.”

“Mchenga mulibe, mayi?”

“Mchenga muupeze kuti? Ndapeta ndekha. Tengani mbale ziwiri ndikuikireni banyira.”

Funso la mchengalo si lachabe. Ngumbi zoyanikidwa pansi zimalumitsa mano, ndipo wogulitsa amene wagulitsapo zotere kasitomala sabwererako. Mayiyu amadziwa kusiyanitsa katundu ndi mphuno ndi zala: zonona, zofutsa, zokazinga, zimene zagona masiku ambiri m'thumba. Amadziwanso kuti pa mlungu umene zachuluka paliponse mtengo umagwa, ndipo amene angathe kusunga zouma bwino mpaka mu Epulo ndiye amadya phindu. Koma kusunga kumafuna malo ouma ndi mtima wosathamangira ndalama, zinthu ziwiri zimene mayi wa ngongole ya sabata ndi sabata sakhala nazo. Nyengo ikatha amabwerera ku mfutso, nyemba ndi matemba.

Mu 2013 bungwe la FAO linatulutsa lipoti lalikulu lonena kuti anthu osachepera 2 biliyoni pa dziko lapansi amadya tizilombo, mitundu yoposa 1,900. Linafotokoza kuti tizilombo timafuna chakudya, madzi ndi malo ochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombe kuti tipereke zomanga thupi zofanana, ndiponso kuti timatulutsa mpweya wochepa wotenthetsa dziko. Kuchokera pamenepo nkhaniyi inatchuka. Mu 2021 mayiko a European Union anayamba kuvomereza mitundu ina kuti izigulitsidwa ngati chakudya cha anthu, ndipo lero ku Ulaya kuli mafakitale opera tizilombo kukhala ufa. Za thanzi n'zoona, ndipo a zaumoyo kuno anaziika kale ngumbi m'gulu la zakudya zochokera ku nyama pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. M'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira, kambale ka ngumbi kapena matondo osinjirira m'phala si kanthu kochepa. Chomvetsa chisoni n'chakuti alipo a m'tauni amene amabisa mbale imeneyi kukabwera alendo.

Koma mawu akuti kudya tizilombo n'kosamalira chilengedwe ndimawalandira ndi dzanja limodzi. Masamu a m'malipoti aja ndi a tizilombo toweta m'makola. Tathu n'takutchire, ndipo timadalira mtengo umene wowotcha makala akuufunanso. Wotola amene wagwetsa mtondo kuti adzaze ndowa msanga wawononga kuposa mbuzi. Ubwino wa ntchitoyi pa chilengedwe uli mwa anthu ake: mfumu yotseka nyengo pa nthawi yake, mudzi wotentha tchire msanga, mayi wosiya mbozi zing'onozing'ono kuti zikule. Kumene anthu amapeza ndalama m'nkhalango yoimirira, nkhwangwa imachedwa kulowa, ndipo phunziro la ku Kasungu linali lomweli.

Pali ngozi inanso imene otola sangaione ndi maso. Madambo a ku Nyanja ya Chilwa ndi amodzi mwa malo amene dzombe lofiira limaswana, ndipo likachuluka limapoperedwa mankhwala. Minda ya thonje ndi ya chimanga chogwidwa ndi ntchemberezandonda nayo imapoperedwa. Dzombe kapena chiwala chofooka ndi mankhwala ndicho chosavuta kugwira, ndipo chikalowa m'beseni la pamsika sichisiyana ndi chinzake. Opopera akamadziwitsa alimi, azikumbukiranso kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kutola zomwezo.

Mtundu watsopano wa antchito ukubwera, wa oweta. Ku Thailand lipoti la FAO lija linawerenga mafamu pafupifupi 20,000 oweta tizilombo ta mtundu wa nkhululu. Ku Nairobi bungwe la icipe lakhala likuphunzitsa alimi kuweta mphutsi za ntchentche ina yakuda, zimene zimadya zinyalala za kumsika ndi za kukhitchini n'kusanduka chakudya cha nkhuku, nkhumba ndi nsomba, zotsalira zake n'kukhala manyowa. Kuno nako alimi ena ayamba kuyesa, ndipo chikuwakoka si nkhani ya kusintha kwa nyengo ayi, koma mtengo wa soya ndi wa chakudya cha nkhuku cha m'sitolo. Ntchito yawo ndi ya chaka chonse, ya m'kashedi kuseri kwa nyumba, yotheka kuilembera pempho la ngongole, ndipo mabungwe othandiza amaikonda chifukwa imawerengeka. Ngumbi, matondo ndi nkhungu palibe amene waziweta pa malonda, choncho zimene zidzafike pamsika dzinja likubwerali zidzachokerabe kwa anthu oyenda ndi ndowa kutchire.