Kompyuta ya kuchipatala ikati sikuona hard drive, kodi mbiri ya mwana wanu yatayika?

Tiyerekeze kuti mwadzuka m'bandakucha kwanu ku Manyamula, mwabereka mwana, mwakwera kabaza ndipo mwafika kuchipatala dzuwa lisanatenthe. Mzere ndi wautali koma sukusuntha. Patapita kanthawi, kalaliki akutuluka n'kunena kuti: "Pepani makolo, kompyuta yavuta, sikuona hard drive." Pompo manong'onong'o akuyamba. Wina akuti zonse zafufutika, wina akuti omwe amalandira ma ARV ayambiranso kulembetsa.

Zotere zingachitike pachipatala chilichonse chogwiritsa ntchito makompyuta, kaya kuno ku Mzimba, kaya ku Lilongwe, kaya kunja. Koma kodi mbiri ya odwala imakhala itatayikadi? Nthawi zambiri ayi. Munthu akalephera kufika pankhokwe chifukwa mlatho wakokoloka, sindiye kuti chimanga chatha. Chomwe chimatayitsa mbiri kawirikawiri si vuto loyambalo, koma phuma la amene akufuna kulikonza asanalimvetse.

Makompyuta adalowa bwanji m'zipatala zathu?

M'chaka cha 2001, Gerry Douglas ndi anzake adaika makompyuta ogwira ndi chala pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuti azilembera odwala. Ntchitoyi idakula pansi pa bungwe la Baobab Health Trust. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, chiwerengero cha olandira mankhwala chidakwera kwambiri moti mapepala okha sakadakwanira, ndipo makompyuta adafalikira m'zipatala zambiri zokhala ndi odwala ochuluka. Kapepala ka timizere takuda komwe amamata pabuku lanu la kuchipatala kadabwera ndi dongosolo limeneli. Kalaliki akakaunika, kompyuta imadziwa kuti ndinu ndani.

Lero Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsanso malipoti a mwezi ndi mwezi kuchokera m'maboma kudzera pa pulogalamu ya DHIS2, ndipo m'madera ena alangizi a zaumoyo amalemba za m'midzi pa matabuleti. Choncho zomwe inu a volontiya mumalemba m'kaundula wa m'mudzi, mapeto ake zimakagona pa hard drive inayake.

Nkhokwe, mwininyumba ndi alendi

Kompyuta yomwe mumaiona patebulo la kalaliki nthawi zambiri siisunga mbiri yanu. Iyo imangofunsa kwa kompyuta ina yaikulu yokhala m'kachipinda kokhoma, yotchedwa seva. M'kati mwa sevayo muli hard drive, kachipangizo kokula ngati chikhatho, komwe ndi nkhokwe ya zonse zolembedwa. Ya mtundu wakale imakhala ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kasingano kowerenga komwe kamayandama pamwamba pa timbaleto osatikhudza. Ya mtundu watsopano, yotchedwa SSD, ilibe chozungulira.

Seva ndi yodula, choncho mabungwe ambiri padziko lapansi sagula seva imodzi pa ntchito iliyonse. M'malo mwake amagawa seva imodzi kukhala makompyuta angapo ongoyerekeza. Njirayi imatchedwa virtualization, ndipo mapulogalamu odziwika ochitira zimenezi ndi VMware ESXi, Proxmox, Hyper-V ya kampani ya Microsoft, ndi VirtualBox.

Taganizirani nyumba ya lendi pa boma la Mzimba. Nyumba ndi imodzi koma zipinda ndi zinayi. M'chipinda china muli pulogalamu yolembera odwala, china ya kulabotale, china ya kosungira mankhwala. Mlendi aliyense amadziona ngati ali m'nyumba yakeyake. Pulogalamu ya virtualization ndiye mwininyumba: ndi amene amagawa magetsi, madzi ndi malo m'nkhokwe. Mlendi sapita yekha kunkhokwe, amadzera kwa mwininyumba. Ndiye mwininyumba akalephera kuiona nkhokweyo, alendi onse anayi amagona ndi njala tsiku limodzi. N'chifukwa chake kachipangizo kamodzi kakavuta, ntchito imaima kolembera, kulabotale ndi kolandirira mankhwala nthawi imodzi.

Makomo anayi omwe katswiri amagogoda

Pakati pa nkhokwe ndi mlendi pali makomo anayi. Katswiri wodziwa ntchito yake amawayendera limodzi ndi limodzi, kuyambira pansi.

Khomo loyamba ndi la makina enieniwo. Seva ikangoyatsidwa, kapulogalamu kotchedwa BIOS kamawerenga zipangizo zonse zolumikizidwa. Ngati hard drive sikuoneka pamenepo, vuto lili pa zogwirika: waya wamasuka, polumikizira padzaza fumbi, magetsi sakufika, kapena hard drive yafadi. Katswiri amathimitsa seva, amasintha waya kapena polumikizira, n'kuyesanso. Mavuto ambiri amathera pomwepa, pa waya wotsika mtengo kuposa thumba la feteleza.

Palinso kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamathandiza BIOS kukumbukira tsiku, nthawi ndi momwe idatcheredwera. Kabatireka kakatha mphamvu, magetsi n'kuthima, BIOS imaiwala zonse n'kubwerera momwe idachokera kufakitale. Ngati idatcheredwa kuti izilankhula ndi hard drive mwa njira ya AHCI, n'kubwerera ku njira ya RAID, kapena mosemphanitsa, seva imatha kulephera kuidziwa nkhokwe yake yomwe. Chizindikiro chake n'chosavuta: kompyuta imaonetsa tsiku ndi chaka cholakwika.

Khomo lachiwiri ndi la chilankhulo. BIOS ikhoza kuiona hard drive koma mwininyumba uja osaiona, chifukwa alibe womasulira. Womasulirayu ndi kapulogalamu kotchedwa driver. Zili ngati namwino wochokera ku Nsanje amene wafika kumene ku Mzimba: agogo ali patsogolo pake akufotokoza m'Chitumbuka, iye akuwaona koma sakumva. Izi zimachitika makamaka pulogalamu ikasinthidwa kuti ikhale yatsopano. Mwachitsanzo, mu 2020 kampani ya VMware itatulutsa ESXi 7.0, idachotsamo madriver ambiri akale, ndipo maseva akale ochuluka padziko lonse adasiya kuona ma hard drive omwe dzulo lake ankagwira bwinobwino. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa zipangizo zina m'maofesi athu zimabwera ngati mphatso zitagwira kale ntchito kwina. Mankhwala ake ndi kuikamo driver woyenera kapena kubwerera ku pulogalamu yakale ija.

Khomo lachitatu ndi la kaundula. Hard drive iliyonse ili ndi mndandanda wosonyeza pomwe chinthu chilichonse chili. Magetsi akathima mwadzidzidzi kompyuta ili m'kati molemba, mndandandawu umatha kusokonekera. Mwininyumba amaiona nkhokwe koma amaiyesa yopanda kanthu, mwina n'kufunsa kuti: "Kodi ndiikonze kuti ikhale yatsopano?" Apa ndiye pali msampha waukulu. Kuvomera ndiko kufomata, ndipo kufomata ndiko kutaya kaundula wa zonse zomwe zinalimo. Katswiri amayamba wakopera zonse pa hard drive ina, kenako n'kukonza mndandandawo.

Khomo lachinayi ndi la mlendi. Kompyuta yongoyerekeza ija ilibe hard drive yogwirika. Nkhokwe yake ndi fayilo imodzi yaikulu yokhala pa hard drive yeniyeni. Fayiloyo ikasunthidwa, ikasinthidwa dzina, kapena malo akadzaza, mlendi amadandaula kuti sakuona kanthu pomwe zonse zilipo. Pa makompyuta a Linux, ma hard drive amapatsidwa mayina monga sda ndi sdb potengera yomwe yayamba kudzuka. Wina akasiya fulashi yake pa seva n'kuiyatsa, mayinawo amatha kusinthana, pulogalamu n'kukagogoda khomo lolakwika. Akatswiri amapewa zimenezi potchula hard drive iliyonse ndi nambala yake yosasintha.

Mwa makomo anayiwa, ndi pa loyamba pokha pomwe hard drive ingakhale itafadi. Pa enawo mbiri imakhala ilipo, yangosowa njira, bola wina asaifufute.

Adani a seva kwathu kuno

Mdani woyamba ndi magetsi othimathima. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa magetsi kudakhala kwa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake seva imafuna mabatire kapena sola zoti ziigwirizize mpaka itathimitsidwa mwadongosolo. Mabatire nawo amakalamba, ndipo batire lotha limakhala ngati mlonda wogona.

Wachiwiri ndi mphenzi za m'dzinja, zomwe zimatha kulowa kudzera pa waya wa magetsi kapena wa netiweki. Wachitatu ndi fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala: fumbi likatseka timabowo topumira, m'kati mumatentha ndipo zipangizo zimafa msanga. Wachinayi ndi ife anthu: kuzula pulagi ya seva kuti titchaje foni, kuisuntha ili yoyaka pokolopa, kapena kulowetsa fulashi ya nyimbo.

Inu a volontiya ndi a komiti ya chipatala

Simukuyenera kukhala katswiri kuti muteteze mbiri ya odwala. Kompyuta ikavuta inu muli pafupi, chitani izi.

Lembani uthenga womwe ukuoneka pa sikirini monga momwe ulili, kapena ujambuleni ngati palibe dzina la wodwala. Lembaninso nthawi, ndi chomwe chinachitika vuto lisanayambe: kodi magetsi anathima, kunagunda mphenzi, kapena wina anasuntha makina? Katswiri akamva zimenezi pafoni, amadziwa khomo loyambira ndipo mwina sangafunike n'kuyenda ulendo wonse.

Musavomere funso lililonse lokhala ndi mawu oti format, initialize kapena erase. Ngakhale mzere utalike chotani, lisiyeni funsolo losayankhidwa.

Mukamva hard drive ikulira mobwerezabwereza kuti "thi, thi, thi", uzani woyang'anira chipatala kuti seva ithimitsidwe ndipo isayatsidwenso. Kulirako kumasonyeza kuti kasingano kaja kakulephera kuwerenga, ndipo kuyatsa mobwereza kungakande timbale n'kuononga zomwe zikadapulumuka.

Musaitane wokonza mafoni wa pamsika, ngakhale ali ndi luso. Mu sevamo muli zinsinsi za anthu: amene ali ndi HIV, amene ali ndi pakati, amene akudwala TB. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 limaika za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Uthenga udzere kwa woyang'anira chipatala, iye adziwitse ofesi ya zaumoyo ya boma.

Pamsonkhano wa komiti, funsani mafunso atatu: Kodi zomwe zili mu seva zimakoperedwa kangati? Kope lake limasungidwa kuti? Lidayesedwa liti kuti lione ngati likutseguka? Akatswiri amalangiza kukhala ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi chipatalacho. Ena angakuuzeni kuti seva ili ndi ma hard drive awiri olemba zofanana. N'zabwino, koma si kope lokwanira: chikafufutidwa pa imodzi chimafufutikanso pa inayo, ndipo moto kapena mbala zimatenga zonse ziwiri. Mlimi wanzeru sasunga mbewu yonse m'nkhokwe imodzi.

Inu makolo, kope lina lili m'manja mwanu

Buku la kuchipatala lomwe mumalikulunga m'chitenje ndi kope la mbiri ya mwana wanu lomwe silifuna magetsi. Kompyuta ikavuta, achipatala amabwerera ku mapepala ndipo amadzalowetsa zonse makina akachira. Wokhala ndi buku amathandizidwa msanga, chifukwa namwino amaona yekha sikelo ya mwezi watha, mankhwala omwe mwana adalandira ndi katemera wotsatira.

Musanachoke pachipatala, onetsetsani kuti zalembedwa m'buku, osati pa kompyuta pokha. Katemera wa pobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, komanso wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi 15, aliyense akhale ndi tsiku lake. Sungani bukulo m'pepala la pulasitiki kuopa mvula ndi chiswe. Musamatule kapepala ka timizere kaja. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani masamba ofunika. Buku likadzaza, musataye lakalelo. Lisokereni pamodzi ndi latsopano.

Kwa inu amene mumalandira ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga, dziwani dzina la mankhwala anu, nambala yanu ya kuchipatala ndi tsiku lobwerera. Kompyuta kuvuta si chifukwa chobwerera kunyumba chimanjamanja kapena kudumphitsa kumwa mankhwala. Dikirani, muthandizidwa ndi mapepala. Ndipo poti mabanja ambiri ku Mzimba ali ndi wina ku Joni, kumbutsani wapaulendo kutenga buku lake ndi kalata yosamutsira. Seva ya kuno sidzamuyankhira ku Johannesburg.

Tsiku lina mukadzamva kalaliki akuti kompyuta sikuona hard drive, musabwerere ndi mwana. Tulutsani buku, khalani pamzere, ndipo auzeni a pambali panu kuti mwina ndi waya chabe. Katswiri adzagogoda makomo ake anayi, koma katemera wa mwana aperekedwe lero lomwe.