Timizere todzaza pa foni, koma intaneti osayenda

Ntchito yanga ndi yolumikiza nsanja za netiweki. Anthu a ku Kabulonga ndi ku Woodlands akamakonzekera ulendo wa ku Likoma amakonda kundifunsa kuti, "Kodi kumeneko netiweki imagwira?" Imagwira ndithu, Airtel ndi TNM ziliko. Koma funso limene ndimafuna atamafunsa ndi lakuti, kuseri kwa nsanjayo kuli chiyani?

Timizere timene mumaona pakona ya foni timangonena mmene foni yanu ikumvanirana ndi nsanja yapafupi. Za ulendo wa uthenga ukachoka pansanjapo, sititchula kanthu. Kuno ku Lusaka nsanja zambiri zimadyetsedwa ndi fiber, zingwe zija mumaona anyamata akuzikwirira m'ngalande zopapatiza m'mbali mwa Great East Road popita ku Chelstone. Chingwe chotere chimanyamula katundu wochuluka, ndipo mvula sichiidziwa.

Chilumba ndi nkhani ina. Likoma ndi chilumba cha Malawi koma chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 70. Pamene palibe chingwe, timamangirira mbale ya microwave pamwamba pa nsanja, yoyang'anana ndi inzake kutsidya. Mbale ziwirizo ziyenera kuonana maso ndi maso, ndipo poti dziko ndi lobulungira, pa mtunda wautali choncho zimafuna phiri kapena nsanja yaitali kwambiri. Ukakhala pamwambapo, lamba ali m'chiuno, umatembenuza mbale pang'onopang'ono ndi sipanala, mnzako kutsidya akukuwerengera manambala pa foni mpaka mutapezana.

Chimene chimadabwitsa ambiri ndi ichi: nyanja ikakhala bata ndi pamene ife timada nkhawa. Madzi osalala amabweza mafunde a wailesi, ndiye uthenga umafika kawiri, wina molunjika, wina wochedwa pang'ono utagunda pamadzi, ndipo awiriwo amafafanizana. M'mamawa, mpweya ukayalana wozizira pansi wofunda pamwamba, umapindanso njira ya mafundewo. Mwera ukamawomba nyanja nkuwinduka, vuto limeneli limachepa. N'chifukwa chake pa madzi timaika mbale ziwiri, ina pamwamba ina m'munsi, kuti imodzi ikazilala inzake igwire.

Njira imodzi yomweyo ndiye aliyense pachilumbapo akugawana: sukulu, chipatala, asodzi, alendo odzaona tchalitchi cha St Peter's. Zili ngati mpope umodzi wa madzi pamudzi, onse akatsegula nthawi imodzi madzi amangodontha. Madzulo, kapena tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza, musadabwe WhatsApp ikungozungulira timizere tili todzaza.

Za magetsi sindichulutsa mawu. Amene munali ku Kabwata mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, munaona nokha netiweki ikufooka mabatire a nsanja akatha. Kuchilumba dizilo wa jenereta amadikira sitima.

Satelayiti yasinthadi zinthu. Zakale zija zili pa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, ndipo uthenga umatha theka la sekondi kupita ndi kubwera, n'chifukwa chake poyankhulana munkangodulana mawu. Za Starlink, zimene zinayamba kugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, zimazungulira pa makilomita pafupifupi 550, moti kuchedwako simukumva. Komabe mvula yamphamvu imaisokoneza, mtengo wa mango wophimba thambo umaidula, ndipo nayonso imafuna magetsi.

Choncho mukamaimbira kumalo ogona, mawu akuti "tili ndi Wi-Fi" asakukhutiritseni, chifukwa Wi-Fi ndi kabokosi chabe ka m'nyumba. Afunseni kuti kabokosiko kamatenga intaneti kuti, ndiponso ngati kali pa sola usiku wonse. Ngati muli ndi msonkhano wa Zoom umene sungalephereke, gulani SIM ya ku Malawi musanakwere sitima, ndipo pa ya ku Zambia muzimitse roaming: mudzi wa Cobue ku Mozambique uli pafupi kwambiri, foni ikhoza kudzigwirira netiweki ya ku Mozambique inu osadziwa, mayunitsi nkutha.